Makompyuta 99 pa 100, koma a kuti?

Kampani ya Adobe inkanena kuti Flash, kapulogalamu koonetsa mavidiyo mu browser, kali pa makompyuta 99 pa 100 alionse a pa intaneti. Nambalayi inachokera ku kafukufuku wa kampani ya Millward Brown, wofunsa anthu a ku United States, Japan, Germany ndi mayiko ena olemera.

Zambia munalibemo.

Ine zimenezi zimandiwawa. Mayi wogulitsa nsomba ku Kafue ankalowa pa intaneti ndi foni, bundle ikutha m'manja, ndipo browser ya pa foni ya Opera Mini sinkatsegula Flash. Wopanga website akadalira 99 uja, mayiyu ankangoona kabokosi kopanda kanthu pomwe panayenera kukhala vidiyo. Mu 2010 Steve Jobs, mkulu wa kampani yopanga iPhone, naye anakana poyera kuika Flash pa iPhone, ndipo Adobe inasiyiratu Flash pa 31 December 2020.