Msilikari Wakale Akhaliranji Yekha?

Madzulo ano tikambe za asilikari akale.

Ku Ndola kuli kampu ya asilikari dzina lace Tug Argan, ku Chipata kuli Gondar, ku Kabwe kuli Chindwin. Maina amenewa si a kwathu ai. Ndiwo malo a nkhondo: Tug Argan ku Somaliland mu 1940, Gondar ku Ethiopia mu 1941, ndi mtsinje wa Chindwin ku Burma mu 1944. Anyamata ambiri a Northern Rhodesia Regiment anacokera m'boma la Fort Jameson, ndipo masiku amenewo midzi ya ku Vubwi inali m'boma lomwelo.

Nkhondo itatha mu 1945 anabwera kwao, nalandiridwa ndi nthungululu. Koma ena a iwo posacedwa anayamba kupewa anzao. Anthu ankati, anyada cifukwa anaoloka nyanja. Ine nditi sikunali kunyada.

Munthu amene anaona mnzace akufa pambali pace, thupi lace siliiwala msanga. Usiku alota nkhondo, nadzuka ali thukuta lokhalokha. Citseko cikamenyeka mtima uti phaa, monga mfuti yalira. Inu a pansi pa mgodi, amene munapulumukapo mwala utagwa, mudziwa cimene ndinena. Tsono acita manyazi kunjenjemera pamaso pa akazi ndi ana, ndiye aleka kupita kumowa ndi pabwalo. Akafuna kusimba, asimbire yani? Anzace amene anagona nao m'matope a ku Burma anabalalika, wina ku Petauke, wina ku Joni. Otsala pamudzi afuna nkhani za ungwazi basi.

Wogwidwa ndi adani zace zilemera koposa. Muundende anaphunzira kutseka pakamwa ndi kusakhulupirira munthu, pakuti ndimo anapulumukira, ndipo cizolowezi cotere sicitha tsiku lomasulidwa. Adzifunsanso kuti, ine ndakhaliranji moyo anzanga atafa? Madokotala a ku America analemba nthendayi m'buku lao ndi dzina la PTSD mu 1980, ambiri a asilikari athu atakalamba kale.

Ku Vubwi nkhaniyi sinathere pa asilikari a Burma. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 a Renamo ankaoloka malire a Mozambique nalowa m'midzi ya boma la Chadiza, kupha anthu ndi kugwira ena kupita nao kuthengo. Amenewo sanabvale yunifomu, ndipo pobwera panalibe mendulo yowapatsa.