ULENDO WA KU KINSHASA, MZINDA WA PA MTSINJE WA CONGO

Aphunzitsi, musanayambe phunziro ili pacikani mapu a Africa pa bolodi, ndipo mwana mmodzi aimirire pambali ndi kamtengo kolozera. Ana inu, lero tipita kutali, koma tiyambira kwathu konkuno.

Pezani mtsinje wa Chambeshi kumpoto kwa dziko lathu. Madzi ake amalowa m'madambo a Bangweulu, natuluka ndi dzina lakuti Luapula, nathira m'nyanja ya Mweru. Kucokera apo dzina lao ndi Luvua, kenaka Lualaba, ndipo potsiriza Congo. Kamtengo katsate mtsinjewo kumpoto, kakhote kumadzulo, katsike kumwera, kufikira pamene madzi atambasuka ngati nyanja. Pamenepo ndi pa Kinshasa, likulu la Democratic Republic of Congo. Anthu ake apitirira 15 miliyoni. Kumbukirani kuti kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'Zambia yense.

Wopita kumeneko, kaya kukaona malo kaya kukacita malonda, ayenera kukhala ndi pasipoti ndi khadi lacikasu losonyeza kuti analandira katemera wa yellow fever. Za cilolezo colowera m'dzikomo afunsiretu ku ofesi ya kazembe wa Congo mu Lusaka. Akatsika ndeke pa bwalo la N'djili abweze wochi yake ndi ola limodzi, pakuti dzuwa limatuluka kwathu lisanatuluke kumeneko. Podutsa mseu ayambe wayang'ana kumanzere, cifukwa magalimoto a ku Congo amayenda ku dzanja lamanja. Kucokera pa bwalo kufika pakati pa mzinda ndi makilomita 25 cabe, koma magalimoto amathithikana kotero kuti ulendowu ungadye maola awiri. Wamalonda amene ali ndi msonkhano m'mawa amalawira mbandakuca.

M'maofesi amalankhula Cifalansa, koma m'miseu ndi m'misika mumamveka Cilingala. Musaciope. Mwana amati mwana, nyama amati nyama, njala ndi nzala, njira ndi nzela, mvula ndi mbula. Moni wao ndi mbote, ndipo mlendo wodziwa liu limodzi lokhali amagula bwino kuposa wongoloza ndi cala.

Tsono tifike ku mtsinje, pakuti amene sanauone sanamvetse mzindawu. Mukaima m'mphepete mwake, m'dera la Gombe, muona madzi ofiirira akuyenda mwakacetecete, atasenza timagulu ta udzu woyandama, udzu womwe uja umene umavutitsa mu mtsinje wa Kafue. Ku dzanja lanu lamanja mtsinje watambasuka kukhala thamanda lalikulu, Pool Malebo, la makilomita 35 m'litali, lokhala ndi cisumbu ca Mbamu pakati. Koma pitani kumanzere, kumunsi pang'ono, pa malo a Kinsuka. Kumeneko madzi ofatsa aja asanduka cilombo: alinkuwinduka pa miyala, nacita mkokomo womveka patali. Apa ndi poyambira mathithi otsatana-tsatana, amene apitirira mpaka pafupi ndi doko la Matadi. Palibe combo cingadutsepo.

Ici ndico cifukwa cake mzinda unamera pano. Kumtunda, zombo zimayenda popanda copinga makilomita oposa 1,700 kufika ku Kisangani. Kumunsi, njira yatsekeka. Motero katundu yense wocokera m'kati mwa dziko ayenera kutsitsidwa pa Kinshasa, ndipo wocokera kunyanja yamcere ayenera kukwezedwa m'zombo pomwepo. Pamene katundu asintha msana, pamakhala msika. Pamene pali msika, anthu amamanga. Eni dziko, Ateke ndi Ahumbu, anacidziwa ici kale-kale, ndipo midzi yao ya Kinshasa ndi Kintambo inali misika ikulu-ikulu azungu asanafike. Henry Morton Stanley anamangapo kampando ka malonda mu 1881, nakacha Léopoldville polemekeza mfumu ya ku Belgium imene inamtuma. Njanji yolambalala mathithi inamangidwa kuyambira 1890 mpaka 1898, ndipo anchito ambiri-mbiri anafera pa nchitoyo. Dzina lakale la Kinshasa linabwezedwa mu 1966, patapita zaka zisanu ndi cimodzi dziko litalandira ufulu pa 30 June 1960. Tsikulo ndilo dzina la mseu waukulu wa mzindawu, Boulevard du 30 Juin.

Mukakhala ndi mwai woona zombo za kumtunda zikufika, musafulumire kucoka. Combo cimodzi ca injini cimakankha zikwatu zazitsulo zingapo zomangidwa pamodzi, ndipo pamwamba pake pali mudzi wathunthu: mabanja, mbaula, mbuzi, matumba a cimanga ndi cinangwa, mitolo ya nsomba zowamba. Ena akhala pa madzi milungu yambiri. Koma kamera ikhale m'thumba, cifukwa pa madoko salola kujambula popanda cilolezo.

Yang'anani tsidya lija. Nyumba zazitali zimene muziona si za Kinshasa ai. Ndi Brazzaville, likulu la dziko lina, Republic of Congo. Malikulu awiri apenyana maso ndi maso, koma palibe ulalo pakati pao. Wofuna kuoloka amakwera boti pa doko la Beach Ngobila, ndipo ngakhale ulendo wa pa madzi ndi waufupi, amaonetsa pasipoti mbali zonse ziwiri. Kawiri-kawiri nthawi ya mapepala imaposa nthawi ya pa madzi.

Njala ikakupwetekani, simudzasowa cozolowera. Fufu ndi mbale wake wa nsima, pondu ndi masamba a cinangwa, amene ife timati cigwada kapena katapa. Cacilendo ndi liboke, nsomba ya mu mtsinje yokulungidwa m'masamba ndi kuocha pa makala. Kwa ine ndiyo ndiwo yopambana zonse za kumeneko. Madzulo m'dera la Matonge mumalira rumba, nyimbo zimene makolo anu anabvina pa mbale za Franco, ndipo bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa cuma ca anthu onse mu 2021. Okonda nkhonya amakaona bwalo la Tata Raphaël, pamene Muhammad Ali anagonjetsa George Foreman pa 30 October 1974.

Aphunzitsi, phunziro likatha ana ajambule mtsinje m'mabuku ao kuyambira ku Chambeshi mpaka ku Matadi, alembe maina ake onse asanu, ndipo aike cizindikilo pamene zombo zimaima. A Giredi 7 ayankhenso funso ili: thumba la khofi locokera ku Kisangani lidzatsitsidwa ndi kukwezedwa kangati lisanalowe m'sitima ya pa nyanja yamcere?