Chakudya cha Anthu Awiri pa Chilumba cha Cyprus

Owerenga athu ambiri amachidziwa chilumba cha Cyprus ndi dzina lake la m'Buku Lopatulika, Kupro, kwawo kwa Barnaba, kumene iye ndi Paulo anayenda kuchokera ku Salamis mpaka ku Paphos. Chilumbachi chili chakum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, ndipo pa zilumba zonse za m'nyanjamo chimaposedwa kukula ndi Sicily ndi Sardinia basi. Mwezi uno tikufuna tikutengereni kumeneko kuti mukaone mmene mwamuna ndi mkazi wake amadyera chakudya chamadzulo akasiya ana kwa agogo n'kutuluka awiriwiri.

Malo amene amapitako amatchedwa taverna. Kawirikawiri imakhala nyumba yaing'ono yoyendetsedwa ndi banja limodzi: wina ali pa makala, wina ali kukhitchini, mwana kapena mlamu akuperekera zakudya. Nyumba zotere zimapezeka m'makwalala akale a Nicosia, Limassol ndi Larnaca, komanso m'midzi ya m'munsi mwa mapiri a Troodos monga Omodos, kumene makoma ake ndi amiyala ndipo matebulo amaikidwa pabwalo, pansi pa mpesa woyanga pa chisakasa. Popeza m'chilimwe dzuwa la kumeneko limaswa mtengo, anthu sathamangira kudya. Amayamba cha m'ma 8 kapena 9 koloko usiku, kunja kutazizira.

Akakhala pansi, safunika kuvutika ndi kusankha. Amangonena mawu amodzi akuti meze, ndipo zotsalazo amasiyira eni nyumba. Mawuwa anachokera ku chilankhulo cha ku Persia, kumene amatanthauza kukoma kwa chinthu m'kamwa, ndipo anafalikira m'maiko onse amene ankalamulidwa ndi mafumu a ku Turkey. Cyprus inali m'manja mwawo kuyambira 1571 mpaka 1878, pamene Angerezi anayamba kuilamulira. Meze ndiyo chakudya chobwera m'timbale tating'onoting'ono, tina pambuyo pa tinzake, mpaka kukwana makumi awiri, mwinanso atatu. Mtengo wake amawerengera pa munthu, koma m'malo ambiri munthu wobwera yekha sapatsidwa meze. Pafunika anthu awiri kapena kuposerapo. Lamulo limeneli ndi lamalonda chabe, poti palibe angaphikire munthu mmodzi mbale makumi awiri, komabe ife tikuona kuti likulongosola bwino khalidwe la chakudyachi.

Poyamba pamabwera zozizira. Pamafika buledi, ndiwo zamasamba zosaphika, ndi zipatso za azitona zobiriwira zimene amaziphwanya pang'ono n'kuzinyika mu ndimu, adyo ndi tinjere tonunkhira. Kenaka timbale ta zosunsira: tahini, amene ndi chitowe chosinja chosakaniza ndi ndimu ndi adyo, talatouri, mkaka wowawasa wothira nkhaka zoduladula, hummus wa tchana, ndi taramosalata, wopangidwa ndi mazira a nsomba. Apa ndi pamene mlendo amalakwitsa. Poona kuti timbale tadzaza kale tebulo, amaganiza kuti chakudya chonse ndi chomwechi, ndiye amakhuta buledi. Eni dziko amachenjeza ndi mawu akuti siga siga, ndiye kuti pang'onopang'ono.

Zikatha izi pamabwera zotentha, ndipo patsogolo pake pamakhala mtundu wa tchizi wotchedwa halloumi, umene anthu a pachilumbachi amaunyadira koposa. Mwachikale umapangidwa ndi mkaka wa nkhosa ndi wa mbuzi, ngakhale masiku ano amathirako ndi wa ng'ombe. Chodabwitsa chake n'chakuti ukaikidwa pa makala susungunuka, umangofiira kunja, chifukwa poupanga amauwiritsa m'madzi omwe aja otsala mkaka ukaundana. Chilumbachi chinagawika pawiri mu 1974, olankhula Chigiriki kumwera ndi olankhula chinenero cha ku Turkey kumpoto, koma mbali zonse ziwiri zimapanga chakudya chimenechi. Akumpoto amachitcha hellim. Mu 2021 bungwe la European Union linalemba maina onse awiriwa m'kaundula wake, kuti wopangidwa pa Cyprus yekha ndiye azigulitsidwa ndi dzinalo m'maiko a bungweli.

Motsatira pamabwera koupepia, masamba a mpesa okulungamo mpunga ndi nyama yogaya. Masoseji ang'onoang'ono ootcha otchedwa sheftalia. Ndi kolokasi, amene ali koko yemweyu wodziwika kwa ife, wophikidwa ndi tomato ndi nyama. M'nyengo yake pamabweranso nkhono zophika, ndipo amene sanazolowere akhoza kungoziyang'ana n'kuzikankhira kwa mnzake. M'mbali mwa nyanja amapereka meze ya nsomba m'malo mwa ya nyama. Pomalizira penipeni pamadza nyama yolemera, monga kleftiko, nyama ya nkhosa kapena mbuzi yokhala maola ambiri mu uvuni wadothi womata pakamwa mpaka kufewa kochoka yokha pa fupa. Dzina lake limatanthauza chakudya cha mbala, ndipo anthu amasimba kuti akuba ziweto akale ankaphikira m'dzenje lokwirira kuti utsi usawaulule.

Tsono chimene chatikopa ife pa nkhaniyi ndi nthawi. Chakudya chotere chimatenga maola awiri kapena atatu, ndipo palibe njira yochifulumizira, chifukwa kambale kena sikabwera kanzake kasanalawidwe. Palibenso amene ali ndi mbale yake yoti aweramirepo mpaka atatha. Zonse zili pakati. Chidutswa chikatsala chimodzi, wina ayenera kunena kuti tengani, winayo n'kukana, kenaka n'kugawana. Pakati pa kambale ndi kambale pamakhala mpata umene manja alibe chochita, ndipo mpata umenewo umadzazidwa ndi mawu. Makolo amene akuwerenga akudziwa okha kuti mwamuna ndi mkazi angathe kukhala nyumba imodzi zaka makumi awiri akulankhulana za fizi, feteleza ndi matenda a ana zokhazokha. Nkhani zimenezo zimatha m'mphindi makumi awiri. Akakhala maola atatu maso ndi maso, amafika pa nkhani zina zimene zinakwiriridwa kalekale, zokoma ndi zowawa zomwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisaganize kuti anthu a ku Cyprus anabadwa nawo mwambo wotuluka awiriwiriwu. M'midzi yawo, mpaka m'nthawi ya agogo a achinyamata a lero, amuna ankacheza okha ku kafeneio, nyumba yomwera khofi, akazi ali kunyumba. Maukwati ambiri ankakonzedwa ndi makolo kudzera mwa mkhalapakati, ndipo mnyamata ndi mtsikana sankaloledwa kuyenda okha asanatomerane. Meze nayo inali ya gulu: ya pa ukwati, ya pa chikondwerero, kapena ya amuna ocheza pa chakumwa. Zoti bambo ndi mayi akhale pa katebulo ka awiri pakona, kandulo ali pakati, zabwera ndi moyo wa m'tauni. Koma chakudya chakalecho chalowa bwino m'mwambo watsopanowu, mwina kuposa zakudya zamakono zimene munthu amadya ataimirira.

Achinyamata amene ali pa chibwenzi aonepo chinthu china. Pa tebulo lotere khalidwe silibisika. Zimaoneka msanga amene amatsekereza zokoma mbali yake, amene amakalipira woperekera zakudya, ndi amene amakumbukira kufunsa ngati mnzake walawako. Ndiponso malo ake ndi apoyera: eni nyumba akudutsadutsa, mabanja ena ali pafupi, moti awiriwo amalankhula zakukhosi popanda kubisala.

Sitikubisa kuti pali zina zosatikondweretsa. Meze yathunthu si yotsika mtengo, ndipo banja wamba silingaidye sabata ndi sabata. Chakudya chimachuluka kuposa mimba ziwiri, kotero kuti nyama yabwino koposa imafika anthu atakhuta kale, n'kubwerera kukhitchini itangolumidwa. Anzeru amapempha kuti awachepetsere timbale, kapena awakulungire zotsala. Komanso ambiri amadya meze ndi vinyo kapena zivania, kachasu wa mphesa wa pachilumbapo. Amene samwa sakakamizidwa, ndipo madzi ozizira kapena madzi a ndimu amatsitsa halloumi bwino lomwe.

Mbale zikachotsedwa, eni nyumba amabweretsa zipatso za nyengoyo, kaya mavwende, mphesa kapena nkhuyu. Ena amapereka glyko, chidutswa cha chipatso kapena khungu la lalanje lowiritsidwa mu shuga, choikidwa pa kambale pamodzi ndi tambula ya madzi. Nthawi zambiri zimenezi salipiritsa. Pambuyo pake pamabwera khofi wakuda m'kakapu kakang'ono, amene nsenga zake zimakhala pansi, ndipo amamwedwa modekha kuti zisavunduke. Woperekera zakudya sabweretsa pepala la ndalama mpaka ataitanidwa, ngakhale usiku utapita ndithu.