Graphene: kansalu kopyapyala kotha kuchotsa poizoni m'madzi

Mukawiritsa madzi kapena kuthiramo klorini, mumapha tizilombo toyambitsa matenda monga kolera. Koma njira ziwirizi sizichotsa zitsulo zapoizoni monga mtovu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mtovu, ngakhale wochepa bwanji, ndi woopsa m'thupi, ndipo umaononga kwambiri ubongo wa ana. Mtovu suwola. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma ana akupezekabe nawo m'magazi chifukwa unatsalira m'dothi.

Pofuna njira zochotsera poizoni wotere, makamaka m'madzi, akatswiri a sayansi ayika maso pa graphene.

Kodi graphene ndi chiyani?

Kachinthu kakuda kolembera ka m'kati mwa pensulo kamapangidwa ndi graphite, mwala womwe uli ngati mapepala ambirimbiri osanjikizana. Mukasenda pepala limodzi lokha, ameneyo ndiye graphene. Ndi wopyapyala ngati atomu imodzi. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a pa yunivesite ya Manchester anamusenda koyamba mu 2004 pogwiritsa ntchito selotepi, ndipo mu 2010 analandira mphoto ya Nobel.

Amayeretsa bwanji madzi?

Njira yoyamba ndi kukola. Popeza ndi wopyapyala chonchi, magalamu atatu okha, kuwerengera mbali zonse ziwiri, ali ndi malo oposa bwalo la mpira. Mtundu wake wina, graphene oxide, umakoka mtovu ndi utoto wa m'mafakitale, n'kumata pamalo onsewo ngati ulimbo ukola mbalame.

Njira yachiwiri ndi kusefa. Mapepalawa akasanjikizidwa amasiya timipata tating'onoting'ono todutsa madzi koma totsekereza zoipa. Mu 2017, gulu la Rahul Nair, ku Manchester komweko, linaonetsa kuti sefa yotere imatha kutsekereza ngakhale mchere.

Nanga vuto lili pati?

Zambiri mwa izi zikadali m'nyumba zochitira kafukufuku. Kupanga sefa zazikulu, zolimba komanso zotsika mtengo n'kovuta. Chinanso, poizoni amene wakoledwa sanathe, wangosamukira pa sefayo. Sefa ikatayidwa chisawawa, poizoniyo abwereranso m'dothi ndi m'madzi. Akatswiri akufufuzanso zomwe tizidutswa ta graphene tingachite m'mapapo mwa munthu ndi m'matupi a nsomba.

Inu muchite chiyani lero?

Musasiye kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini, chifukwa kolera ndi matenda otsegula m'mimba sadikira sayansi yatsopano. Pewani kutunga madzi pafupi ndi pamene mafakitale amatayira zonyansa. Mabatire akale a galimoto ndi a sola ali ndi mtovu, choncho musawaswe pakhomo kapena kuwataya pafupi ndi chitsime. Ngati mukukayikira madzi a pa mjigo wanu, uzani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.