Ayisi angaphe khansa ya impso, koma osachedwa

Mukamva ati "khansa ya impso", maganizo amathamangira ku mpeni: kung'ambidwa, impso kuchotsedwa, miyezi yambiri osasebenza. Koma manje kuli njira ina, dzina lake cryoablation. Chotupa amachiziziritsa mpaka chafa, impso n'kutsala.

Imayenda so. Mumagona pa makina a CT scan, atakulasani mankhwala a dzanzi kapena ogoneka. Ba dokota amalowetsa nyeleti zoonda pakhungu la kumsana mpaka mkati mwa chotupa, uku akuyang'ana pa sikirini. Mu nyeletizo mumapita gasi wa argon. Friji ya amayi ogulitsa ma freezit imafika pa madigiri -18 chabe, koma apa chotupa chimazizira mpaka -40 kapena kupitirira. Chimaundana ngati mpira wa ayisi, ndipo mpirawo umaoneka pa scan, choncho dokota amaona ngati chonse chakutidwa. Amachiundanitsa mphindi pafupifupi 10, achisungunula, n'kubwerezanso. Maselo a khansa amaphulika, timitsempha tamagazi todyetsa chotupa timatsekeka. Chakufacho chimatsala momwemo, n'kumafota pang'onopang'ono.

Ubwino wake? Palibe bala lalikulu, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Imathandiza maningi achikulire, amene ali na impso imodzi chabe, komanso odwala mtima amene opaleshoni yaikulu ingawavute.

Koma mvetsetsani apa. Njirayi ni ya chotupa chosapitirira masentimita 4, ngati kutalika kwa kamtengo ka machisi. Chikakula kapena khansa ikafalikira, nkhani imakhala ya opaleshoni kapena mankhwala. Nthawi zina magazi amatayika mkati, ndipo khansa imabwerera kawirikawiri pang'ono kusiyana na chotupa chodulidwa. Ndiye scan mumapitabe kwa zaka.

Vuto ni lakuti chotupa chaching'ono sichimveka. Ambiri amachipeza mwangozi pa scan ya matenda ena. Ndiye thupi likakupatsani chizindikiro, osagona. Magazi mu mkodzo, olo kamodzi, olo osawawa, musangoti "ni likodzo chabe" n'kukagula mapilisi pa kantemba. Chimodzimodzi kuwawa kwa m'nthiti mwa msana kosatha, chotupa chogwirika m'mbali mwa mimba, kapena kuonda popanda chifukwa. Yambirani ku kiliniki. Akaona zokayikitsa adzakutumizani patsogolo, ndipo ku Lusaka kuli Cancer Diseases Hospital pafupi na UTH, yotsegulidwa mu 2007.

Matendawa amakonda amuna kuposa akazi, makamaka opitirira zaka 50. Fodya, kunenepa kwambiri na BP zimaonjezera ngozi. Inu mwina mukali wachinyamata, koma ba mudala kunyumba, amene amabisa vilivonse? Afunseni, muwaperekeze.

Ndipo scan ikapeza chotupa, funsani ba dokota mafunso awiri: "Ni masentimita angati? Nanga impso yanga ingapulumuke?"