Pemphero ndi dripi: momwe banja la Chimalawi ku Joni lidalimbanira ndi khansa

Kwa miyezi 6, pakatha milungu itatu iliyonse, nyali inkayaka m'mbandakucha m'kachipinda kena ka kuseri kwa nyumba ku Turffontein, kumwera kwa mzinda wa Johannesburg. Bambo, mayi ndi ana awo awiri ankagwada pa simenti yozizira, kugwirana manja ndi kupemphera mwachidule. Akatero mayi ankamanga duku ndi kunyamula kachikwama momwe munali khadi ya kuchipatala, Baibulo, botolo la madzi ndi kabulangete. Ulendo unali wa ku chipatala chachikulu cha boma kukalandira mankhwala a khansa odzera m'dripi, amene odwala amangowatchula kuti kemo.

Banjali, limene maina ake sakutchulidwa pofuna kusunga chinsinsi cha wodwala, ndi lochokera ku Thyolo ndipo limapemphera mumpingo wa CCAP. Bambo amasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu olemera, pomwe mayi ankachapa ndi kusita m'nyumba ziwiri. Monga Amalawi ambiri amene akhala akupita ku Joni kuyambira masiku a Wenela ndi Theba, iwo adapita kukafuna ndalama za malata, feteleza ndi fizi ya ana.

Chotupa chosapweteka

Mayiwa adamva kanthu kolimba ngati nthanga m'bere lakumanzere tsiku lina posamba. Popeza sikankapweteka, adaganiza kuti kadzaphwa kokha. Padadutsa miyezi inayi asadauze amuna awo. Ankaopa kujomba kuntchito, ankaopa kufunsidwa ziphaso pachipatala, komanso ankaopa mawu oti khansa, amene kumudzi kwawo amamveka ngati uthenga wa maliro.

Mayi wina wa Mvano, amene adagwirapo ntchito ya unamwino ku Malawi, ndi amene adawakakamiza kupita ku kiliniki. Kumeneko adawatumiza ku chipatala chachikulu komwe adajambula berelo ndi kudulako kachidutswa ka mnofu kukayeza. Zotsatira zidaonetsa khansa ya m'mawere imene inali itafika kale m'khwapa. Madotolo adafotokoza kuti ayamba ndi kemo maulendo 8 kuti chotupa chichepe, kenako opaleshoni, ndipo pomaliza radiotherapy, kumene kuli kuwotcha malo odwalawo ndi cheza champhamvu cha makina.

Khansa ya m'mawere ndi imene imapezeka kwambiri pakati pa amayi ku South Africa. Madotolo amanenetsa kuti chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka poyamba, ndipo kusapwetekako ndi kumene kumachedwetsa ambiri.

Kodi kemo imagwira bwanji ntchito?

Thupi la munthu lidapangidwa ndi timaselo ting'onoting'ono timene timagawikana mwadongosolo. Khansa imayamba pamene maselo ena ayamba kuchulukana mosalekeza ngati namsongole m'munda. Mankhwala a kemo amayenda ndi magazi thupi lonse ndi kupha maselo amene akugawikana mofulumira. Vuto ndi loti m'thupi muli maselo ena abwinobwino amenenso amagawikana mofulumira: a mizu ya tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a m'kati mwa mafupa momwe mumapangidwa magazi. N'chifukwa chake wodwala amathothoka tsitsi, amatuluka zilonda m'kamwa, amachita nseru ndi kufooka.

Mankhwalawa amaperekedwa modumphitsa milungu kuti thupi lipezeko mphamvu, ndipo ulendo uliwonse magazi amayamba ayezedwa dripi isadaikidwe. Amodzi mwa mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri pa khansa ya m'mawere, otchedwa doxorubicin, ndi ofiira, ndipo amafiiritsa mkodzo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mayi wa ku Turffontein ataona zimenezi koyamba adaganiza kuti akukodza magazi, mpaka adakumbukira kuti anamwino adawachenjeza kale. Tsitsi lidayamba kuthothoka patatha milungu iwiri kapena itatu. Amuna awo adabwereka makina ometera n'kuwameta okha madzulo ena, ana akuimba nyimbo ya kutchalitchi kuti mayi awo asalire.

Mayesero ochokera kwa abale

Chithunzi cha mayiwa ali opanda tsitsi chitafika kumudzi pa WhatsApp, lamya zidayamba kulira. Achemwali awo aakulu adati mankhwala a kuchipatala ndiwo akuwapha. Apongozi adati matendawo ndi olodzedwa ndi anthu ansanje ya malata atsopano. Alamu awo a ku Rosettenville adabwera ndi uthenga wa mneneri wina amene adalamula kuti wodwalayo asale kudya masiku 7, amwe madzi odalitsidwa ndi kutaya khadi ya kuchipatala ngati umboni wa chikhulupiriro.

Imeneyi inali nthawi yovuta kwambiri kwa banjali, chifukwa onse olankhulawo ankalankhula mwachikondi. Bambo wa m'nyumbamo amavomera kuti adafika pogwedezeka. Akazi awo anali atawonda, chakudya chinkamveka ngati chitsulo m'kamwa, ndipo kunali kutatsala maulendo asanu.

Abusa a mpingo wawo atamva, adapita kukacheza ndi banjali Lamulungu madzulo. Sadanyoze aliyense. Adatsegula buku lachiwiri la Mafumu, mutu 20, pamene pali nkhani ya mfumu Hezekiya imene idadwala mpaka kutsala pang'ono kufa. Adafotokoza kuti mfumuyo idapemphera ndi misozi, Mulungu adaimva, komabe mneneri Yesaya adalamula kuti pachithupsa chake paikidwe nkhuyu zouma, mankhwala a nthawi imeneyo. Adakumbutsanso kuti Luka, mlembi wa Uthenga Wabwino, anali sing'anga. Pomaliza adafunsa bamboyo ngati kumudzi mlimi wopempherera mvula amaleka kugalauza ndi kubzala.

Abusawo adatchulanso Arkibishopu Desmond Tutu, amene adakhala bishopu wa Anglican wa Johannesburg mu 1985. Mu 1997, ali mkati motsogolera bungwe la Truth and Reconciliation Commission, adapezeka ndi khansa ya prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo cha abambo. Tutu sadabise matenda ake ndipo sadaone kulandira chithandizo cha madotolo ngati kuchepa kwa chikhulupiriro. Adakhala ndi moyo zaka zina 24, ndipo adamwalira pa 26 Disembala 2021 ali ndi zaka 90.

Pa nkhani ya kusala kudya, mpingo udagwirizana kuti ofuna kusala asale m'malo mwa wodwalayo, koma iye adye. Pemphero la m'banjamo nalo lidasintha. Adayamba kupempherera zinthu za tsiku limenelo: kuti magazi akwanire, kuti msempha upezeke msanga, kuti phala likhale m'mimba, ndiponso kuti madotolo ndi anamwino asatope.

Usiku wa kutentha thupi

Patatha masiku 10 chilandirire kemo yachinayi, mayiwa adayamba kunjenjemera pakati pa usiku. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kadaonetsa madigiri oposa 38. Anansi adathamangira m'nyumbamo okonzeka kuchezera kupemphera mpaka m'mawa. Bamboyo adawapempha kuti apemphere ali m'galimoto, ndipo adadzutsa mkulu wa mpingo amene ali ndi kagalimoto kake. Mayiwa adagonekedwa m'chipatala masiku asanu akulandira mankhwala opha tizilombo kudzera m'dripi.

Bamboyo adachita monga momwe anamwino adawalangizira. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirire kemo, maselo oyera a magazi, amene alangizi a zaumoyo amawatcha asilikali a m'thupi, amakhala atachepa kwambiri. Kamatenda kamene munthu wina angakapirire kangathe kupha wodwala wa kemo m'maola ochepa. Kutentha thupi kofika madigiri 38 ndi chizindikiro chothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, osayamba wamwa Panado ndi kudikira kuti kuche.

Kuyambira pamenepo mapemphero a kunyumba adakhala ndi malamulo. Obwera sankapitirira anayi, ankasamba m'manja ndi sopo asadalowe, ndipo wachimfine kapena chifuwa ankapemphera pa lamya. M'masiku amene chitetezo chinali chotsika mayiwa sankapita kutchalitchi, koma akulu a mpingo ankawayendera kunyumba.

Chikondi cha m'manja

Mutu umodzi susenza denga. Amayi a Mvano adalemba ndandanda ya woperekeza wodwalayo kuchipatala ulendo uliwonse, woti bamboyo asamajombe kuntchito. Ena ankabwera ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira owiritsa, nyemba ndi usipa wochokera kumudzi, ndipo adaphunzira kuti wodwala nseru amadya pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mayi wina adatenga ntchito yochapa ija kwa miyezi ingapo kuti mwini wake adzaipeze. Abambo adasonkha ndalama za lendi ya miyezi iwiri. Mmodzi wa iwo adanena pamsonkhano kuti Amalawi a ku Joni amadziwa kusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo nthawi yakwana yoti azisonkhanso munthu adakali moyo.

Ana nawo adafunika kuuzidwa zoona. Wamng'ono ankaopa kudyera mbale imodzi ndi mayi ake. Adamufotokozera kuti khansa sipatsirana pogwirana, podyera limodzi kapena pogona chipinda chimodzi, ndiponso kuti palibe amene adalakwa kuti matendawa abwere.

Mzere wautali wa odwala

Odwala khansa ambiri a ku Johannesburg amene sangakwanitse zipatala zolipira amadalira chipatala cha Charlotte Maxeke ku Parktown ndi cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Pa 16 Epulo 2021 moto udabuka pa Charlotte Maxeke, odwala pafupifupi 700 adasamutsidwa, ndipo mbali yothandizira odwala khansa idatsekedwa kwa miyezi yoposa iwiri. Mu 2022 odwala pafupifupi 3,000 m'chigawo cha Gauteng anali pamzere wodikira radiotherapy. Mu 2023 boma la chigawochi lidapatula ndalama zokwana R784 miliyoni zochepetsera mizere ya radiotherapy ndi ya opaleshoni, koma odwala adapitirira kudikira. Bungwe la Cancer Alliance, mothandizidwa ndi maloya a SECTION27, lidakasuma, ndipo mu Malichi 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidagamula kuti kulephera kwa nthambi ya zaumoyo ya Gauteng kuthandiza odwalawo kunali kuphwanya malamulo a dziko.

Alendo amakumana ndi zovuta zinanso. Mu 2025 gulu la Operation Dudula linkatsekereza anthu a m'maiko ena pa zipata za zipatala zina, mpaka khoti lomwelo lidagamula mu Novembala chaka chomwecho kuti gululo lilibe mphamvu yofunsa anthu ziphaso kapena kuwaletsa kulowa. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Komabe pa zipatala zazikulu pamakhala malipiro, choncho n'kofunika kuonana msanga ndi ogwira ntchito zosamalira anthu a pachipatalapo. Mabungwe monga CANSA, limene lidakhazikitsidwa mu 1931, CHOC losamalira ana odwala khansa, ndi HospiceWits, onse awiri a mu 1979, amapereka uphungu ndi chithandizo kwa odwala ndi mabanja awo.

Phunziro kwa a kumudzi

Kwa zaka zambiri Mmalawi wofunika radiotherapy ankayenera kutumizidwa kunja. Zambia idatsegula chipatala cha Cancer Diseases Hospital ku Lusaka mu 2007. Ku Malawi chithandizochi chidayamba mu 2024 pa chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre, ndipo mu 2025 boma lidatsegula National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Kemo imaperekedwanso ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kulinso kiliniki ya Tiyanjane yochepetsa ululu kwa odwala matenda aakulu. Ku Salima ntchito yomweyo imagwiridwa ndi a Ndi Moyo.

Khansa imene ikupha amayi ambiri ku Malawi ndi ya khomo la chiberekero. Ziwerengero za bungwe la zaumoyo padziko lonse za mu 2020 zidaonetsa amayi oposa 4,000 opezeka nayo pachaka, ndipo pafupifupi 3,000 omwalira. Khansa imeneyi ndi yopeweka. Katemera wa HPV adayamba kuperekedwa kwa atsikana dziko lonse mu Januwale 2019, ndipo kuyeza khomo la chiberekero kumachitika m'zipatala zambiri za boma popanda kulipira.

Alangizi a zaumoyo, atsogoleri a magulu a alimi ndi akulu a mipingo ali ndi udindo waukulu, pakuti wodwala amayamba kufunsa iwo asadaonane ndi dotolo. Chotupa cha m'bere, kutaya magazi kosayembekezereka kwa amayi, kuvutika kumeza, mabala akuda a pakhungu ndi kutupa nsagwada kwa mwana ndi zizindikiro zotumizira munthu kuchipatala sabata yomweyo. Amene wayamba kemo asadumphitse tsiku, asamwe zitsamba dotolo osadziwa, ndipo ngati ali pa ma ARV asawasiye pokhapokha dotolo atasintha.

Mayi wa ku Turffontein adamaliza maulendo onse 8 ndipo opaleshoni idachitika. Tsitsi layamba kumera, lofewa ngati la khanda. Dzina lawo lili pamndandanda wodikira radiotherapy, ndipo madotolo sadawalonjeze kuti khansayo singabwerere. Achemwali awo aja, amene ankati asiye mankhwala, adapita kukayezetsa pa chipatala cha boma ku Thyolo ndipo adatenganso mwana wawo wamkazi kukabayitsa katemera. M'kachipinda ka kuseri kaja banjali likupempherabe m'mawa uliwonse, ndipo lamya ya mayi imagona pafupi ndi Baibulo podikira kuti a kuchipatala aimbe.