MKONO WA FISTULA NDIWO MOYO WA WODWALA IMPSO

Impso ziwiri zimene munthu ali nazo zimasefa magazi usana ndi usiku, ndi kutaya zoipa mu mkodzo. Zikalephereratu, kawiri-kawiri cifukwa ca matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, wodwala amaikidwa pa makina otsuka magazi, nchito imene madotolo amaicha dialysis. Makina otere alipo pa cipatala ca University Teaching Hospital mu Lusaka ndi pa zipatala zina zazikulu. Odwala ambiri amafunika kutsukidwa katatu pa mlungu, maola anai ulendo uliwonse.

Dr Willem Kolff wa ku Netherlands anapanga makinawa mu 1943, koma bvuto linali pa mitsempha, pakuti inali kuonongeka ulendo uliwonse wodwala akalumikizidwa. Mu 1966 madotolo a ku New York, James Cimino ndi Michael Brescia pamodzi ndi anzao, analengeza njira imene ikugwirabe nchito lero. Dotolo amasoka pamodzi mtsempha wocokera ku mtima ndi wina wobwerera ku mtima, makamaka pafupi ndi dzanja. Columikizaci cimachedwa fistula. Pakapita milungu isanu ndi umodzi kapena miyezi ingapo, mtsemphawo umakula ndi kulimba kotero kuti ungabayidwe masingano awiri akulu kwa zaka zambiri.

Wodwala wofika mocedwa amayamba ndi kapaipi kolowetsedwa mu mtsempha wa m'khosi. Kapaipika ndi khomo la tizirombo tolowa m'magazi. Pabala pake pasanyowe posamba, ndipo wodwala akamva kutentha thupi ndi kunjenjemera asangoti ndi malungo, koma akaonane ndi dotolo tsiku lomwelo.

Fistula nayo iri ndi mabvuto ake. Mtsempha ungathe kucepa m'kati, magazi n'kuundana ndi kutseka njira. Pobayidwa-bayidwa pangatupe, khungu n'kupyapyala mpaka kuphulika. Nthawi zina fistula imalanda magazi a zala, ndipo dzanja limazizira, kucita dzanzi ndi kuwawa. Pakafiira, kutentha kapena kuturuka mafinya, dziwani kuti tizirombo talowa.

Tsono wodwala acite ciani? M'mawa ndi madzulo aike zala pa fistula. Ikakhala bwino imanthunthumira ngati njuci m'mphako. Ikakhala zii, athamangire ku cipatala, cifukwa kutsegula njira yotsekeka kumatheka pakacitika msanga. Asagonere mkonowo, asabvale koloko kapena zibangiri zothina, ndiponso asalole kupimidwa kuthamanga kwa magazi, kutengedwa magazi kapena kuikidwa dripu pa mkono umenewo. Kutema mphini pamenepo kungaphe munthu. Magazi akayamba kuturuka, tsinikizani zolimba ndi nsaru yoyera osaleka, ndipo pezani galimoto mwamsanga.

Abale nawonso ali ndi gawo lao. Mutu umodzi susenza denga. Zidebe za madzi, mitolo ya nkhuni ndi matumba a cimanga anyamule ndi ena, pakuti colemera cimapanikiza mtsempha. Malo oyenera fistula pa thupi la munthu ndi owerengeka, ndipo amodzi akaonongeka otsala amacepa. Banja losamala mkono wa wodwala wao likumuonjezera zaka za moyo.